Ndege za Nkhondo Zopangira Pakhomo



Masiku apitawa ndinali kuyang'ana cithunzi ca ndege ya nkhondo ija yochuka, Spitfire, itaima pa udzu m'bwalo lina la ndege. Zonse zinali m'malo mwace: mapiko ace obulungira kunsonga ngati tsamba la mango, mphuno yace yosongoka, utoto wace wamawangamawanga wobisalira adani, ndi cizindikiro cozungulira ca Angerezi pa nthiti pace. Koma cinthu cimodzi sicinandikhale bwino m'maso. Mutu wa munthu wokhala m'katimo unali waukuru kopitirira, wodzaza galasi lonse la pamwamba, monga tambala wotsekeredwa m'kadengu ka anapiye. Nditawerenga mau olembedwa m'munsi mwa cithunzico ndipo ndinazindikira. Sinali Spitfire yeniyeni ai. Inali mwana wace, yopanga munthu wamba ndi manja ace kuseri kwa nyumba. Koma inali kuuluka ndithu, ndi kumnyamula mwini waceyo kumka naye ku mitambo.

Za ndege zotere ndizo ndifuna kukamba nanu usiku uno. Musaganize za tindege toseweretsa tija touluka munthu ataima pansi ndi kawailesi m'manja. Izi ndi ndege zokwera munthu, zopangidwa mofanana ndi ndege za nkhondo zakale, koma zocepetsedwa msinkhu: ina theka, ina magawo 3 a magawo 4, ina magawo 7 a magawo 10. Ndipo mutu waukuru ndachulawu musauiwale, pakuti mbiri yonse ya nchito imeneyi yagona pamenepo. Mmisiri akhoza kucepetsa phiko, akhoza kucepetsa mcira ndi magudumu, koma sakhoza kucepetsa munthu wokhalamo.

Poyamba tifunse: cinawatuma nciani anthu kudzibvuta comweci, osangogula ndege yeniyeniyo?

Spitfire yoyamba inauluka pa 5 March, 1936, ku Eastleigh, pafupi ndi mzinda wa Southampton. Anailinganiza ndi R. J. Mitchell wa kampani ya Supermarine, amene anamwalira mu 1937 osaiona nkhondo imene ndege yace inadzachuka nayo. Pofika 1948, pamene analeka kuzipanga, zinali zitapangidwa 20,351. Pa nthawi ya nkhondo ndege imeneyi inali ngati cuma ca anthu onse. M'caka ca 1940 kunamveka kuti mudzi kapena dziko losonkha £5,000 lidzayesedwa kuti lagula Spitfire imodzi, ndipo dzina lace lidzalembedwa pa ndegeyo. Akazi a ku England anapereka ndi miphika yao ya aluminiyamu yomwe. Maiko a kuno ku Africa nao anasonkha, ndipo gulu lina la ndege za Angerezi, la nambala 245, linanyamula dzina la Northern Rhodesia, lirikuuluka ndi ndege za Hurricane, pambuyo pace za Typhoon. Mkuwa wokumbidwa ku Nkana, ku Mufulira, ku Roan Antelope ndi ku Nchanga unalowa m'mawaya ndi m'zipolopolo za nkhondo yomweyo.

Koma nkhondo itatha mu 1945, cuma cija cinasanduka zitsulo zotaya. Ndege za jeti zinali zitabwera, zothamanga kopambana, ndipo ndege za pulopela zinaoneka ngati khasu lakutha. Zikwi ndi zikwi anaziduladula nazisungunula m'ng'anjo, ku England ndi ku America komwe. Kotero kuti pamene anthu a baisikopo anafuna kupanga cithunzi cochedwa Battle of Britain, cimene cinaturuka mu 1969, anafunafuna konsekonse napeza ma Spitfire 27, ndipo mwa amenewa okhoza kuuluka anali 12 okha. Otsalawo mtengo wao unakwera caka ndi caka. Mu July 2015 Spitfire imodzi, imene inatera pa mcenga wa ku Calais mu 1940 itaomberedwa, nikonzedwanso patapita zaka zambiri, inagulidwa pa okushoni ku London ndi ndalama zopitirira £3,000,000. Onjezanipo mafuta, pakuti injini yace ya Merlin imamwa magaloni makumimakumi pa ora limodzi. Kodi mphunzitsi, kapena kalaliki, kapena fitala wa m'shopu angazipeze kuti ndalama zotere? Njira inamtsalira imodzi: kudzipangira yekha yaing'ono, yolingana ndi thumba lace ndi garaji yace.

Kupanga ndege pakhomo sikunayambe ndi ndege za nkhondo ai. M'zaka za m'ma 1930 munthu wa ku France, Henri Mignet, analemba buku lophunzitsa anthu kukhoma kandege kace kochedwa Pou-du-Ciel, ndiko kunena nsabwe ya kumwamba. Anthu ambirimbiri anakakhoma, koma pofika 1936 angapo anali atafa nako cifukwa ca colakwa ca m'mapiko, ndipo maboma anakaletsa. Phunziro limeneli silinaiwalike. Nkhondo itatha, okonda nchitoyi anapanga mabungwe akuti aziyang'anirana okhaokha. Ku Britain mu 1946 linabadwa bungwe limene linadziwika zaka zambiri ndi dzina la Popular Flying Association, ndipo kuyambira 2008 lichedwa Light Aircraft Association. Ku America Paul Poberezny anayambitsa Experimental Aircraft Association mu 1953 ku Milwaukee, ofesi yace iri m'cipinda ca pansi pa nyumba yace. Lamulo linakhala lakuti munthu agwire yekha gawo lalikuru la nchito, loposa theka, ndipo acite cifukwa ca kuphunzira kapena kukondwera, osati malonda. Ku Britain mmisiri wodziwa amafika pakhomo kudzaona phiko lisanakutidwe, naona mfundo zomata ndi mabauti, nasainira. Popanda dzanja lace ndegeyo siinyamuka.

Tsono tiyeni ticite masamu pang'ono, monga tinkacitira ku sukulu ya mishoni, pakuti popanda masamuwa simudzamvetsa bvuto la amisiri athuwa. Tengani bokosi la tiyi. Mulidule m'litali mwace pakati, m'mimba mwace pakati, ndi msinkhu wace pakati. Kodi m'bokosi latsopanolo mulowa theka la tiyi? Iai. Mulowa gawo limodzi la magawo 8, pakuti theka la theka la theka ndilo limodzi la magawo 8. Ndipo cibvundikiro cace cidzakhala limodzi la magawo 4. Ndege iri cimodzimodzi. Mukaicepetsa theka, phiko limene liinyamula litsala limodzi la magawo 4, ndi malo a m'kati atsala limodzi la magawo 8. Kuti zonse zilingane, woyendetsa wolemera mapaundi 160 ayenera kusanduka wa mapaundi 20, ndiye khanda la caka cimodzi. Khanda lodziwa kuyendetsa ndege silinabadwe.

Spitfire ya m'caka ca 1940, itadzaza mafuta ndi zipolopolo, inalemera pafupi mapaundi 6,000, ndiwo matumba 30 a cimanga, aja akale a mapaundi 200. Woyendetsa pamodzi ndi parachuti wace anali ngati thumba limodzi mwa 30. Koma m'kandege kolemera matumba 5 kapena 6, munthu yemweyo ali thumba limodzi mwa 5 kapena 6. Akasendezera mpando kumbuyo pang'ono, kapena akalowamo mnzace wonenepa, kandege konse kamva. Mapewa ace afuna malo omwewo, miyendo yace ifuna potambasukira pomwepo. Ndiponso mphepo siicepa: phiko laling'ono siligwira mphepo monga ligwirira lalikuru, ngakhale maonekedwe ace ali amodzi. Cifukwa cace cifanizo cocepetsedwa sicikhala coona ponseponse. Mmisiri ali yense ayenera kusankha pamene adzanamiza maso, kaya kukuza pokhala munthu, kaya kutalikitsa mapiko, kaya kuonjeza mcira. Luso lace lioneka pa kubisa bodza limenelo.

Woyamba amene ndifuna mumdziwe ndiye John Isaacs wa ku Southampton. Iyeyu anagwirapo nchito ku kampani ya Supermarine komweko kumene Spitfire inabadwira, ndipo pambuyo pace anakhala mphunzitsi. Sanathamangire Spitfire ai. Anayamba ndi Hawker Fury, ndege ya mapiko awiri, lina pamwamba lina pansi, imene Angerezi anauluka nayo m'zaka za m'ma 1930, ndi imene asilikari a South Africa anamenya nayo nkhondo ndi Ataliyana ku Kenya. Anaicepetsa kufikira magawo 7 a magawo 10, natsata makhomedwe a kandege kena kakale kochedwa Currie Wot: timatabwa toonda tomata ndi guluu, tokutidwa ndi nsalu. Anayamba mu 1961, ndipo pa 30 August, 1963, kandegeko kanauluka ku bwalo la Thruxton ndi injini ya mphamvu ya akavalo 65 okha, pamene Fury yeniyeni inali nao oposa 500. Mu 1967 kanaulukanso ndi injini ya akavalo 125. Mapulani ace anagulitsidwa, ndipo anthu a m'maiko ena anakhoma zao.

Kenaka ndipo anagwira Spitfire. Apa ndipo panali nchito. Phiko la Spitfire liri lokhota kutsogolo ndi kumbuyo komwe, ndipo nthiti iri yonse ya m'phikomo isiyana ndi inzace, kotero kuti mmisiri sangapange cikombole cimodzi ndi kudulirapo zonse. Ngakhale m'mafakitale a pa nkhondo phiko limeneli linadandaulitsa amisiri. Inu akalipentala mudziwa kuti kukhoma tebulo la ngondya zinai ndi kusema bwato ndi nchito ziwiri zosiyana. Isaacs analipanga la mtengo wochedwa spruce, wopepuka koma wolimba, nalikuta ndi pulaiwudi woonda, phiko lonse cinthu cimodzi kucokera nsonga kufika nsonga. Msinkhu anasankha magawo 6 a magawo 10: mapiko a Spitfire yeniyeni atambalala mafiti 36 ndi mainchesi 10, koma ace mafiti 22 ndi pang'ono. Kanauluka pa 5 May, 1975, ndi injini ya Continental ya akavalo 100, kakuthamanga mailosi 150 pa ora, pamene mai wace anali kupitirira mailosi 350. Kulemera kwace konse, munthu ali momwemo, mapaundi 1,100.

Nanga iye ananamiza pati? Pawiri. Miyendo ya Spitfire yeniyeni ipindika kulowa m'mapiko ndege ikanyamuka. Ya Isaacs ikhala cilendewere, pakuti zitsulo zopindira miyendo ziri ndi kulemera kwace, ndipo kandege ka matumba 5 kalibe pozisenzera. Ndiponso injini ya Merlin iri yaitali ndi yoonda, masilinda 12 m'mizere iwiri, ndiyo ipatsa Spitfire mphuno yace yosongoka. Koma Continental iri yaifupi ndi yotambalala, masilinda 4 ogona cam'mbali, kotero kuti kandegeko kali ndi masaya otupa ngati munthu wodwala dzino. Ine ndiyesa kuti mphunzitsiyu anacita bwino. Anafuna kandege kopepuka kouluka bwino, osati kokongola pa cithunzi pokha. Mnzace wina wa ku America, Fred Sindlinger, amene anakhoma Hurricane ya matabwa ya magawo 5 a magawo 8 niuluka mu 1972, anaumirira kuti miyendo ipindike ndithu; koma iye anali ndi akavalo 150 omsenzera katunduyo.

Wina ndiye Marcel Jurca, ndipo mbiri yace iri ndi cozizwitsa. Anabadwira ku Bucharest m'dziko la Romania mu 1920, ndipo pa nkhondo anali woyendetsa ndege wa dziko lace, limene kufikira August 1944 linali ku mbali ya Hitler. Mu 1948 anafika ku France, nakhala nzika ya kumeneko kufikira imfa yace mu 2001. Ndege yace yochedwa Tempête inauluka mu 1956. Sinali cifanizo ca ndege iri yonse, koma kaimidwe kace kanali ka ndege ya nkhondo. Pambuyo pace anayamba kujambula mapulani a zifanizo zenizeni, za matabwa. Cifanizo ca Mustang ya ku America anacicha Gnatsum, ndilo dzina lomwelo powerenga cobwerera m'mbuyo. Cinali magawo 2 a magawo 3, ndipo coyamba cinauluka mu 1969. Anajambulanso Focke-Wulf 190 ndi Messerschmitt 109 za Ajeremani, ndi P-40, ndi Spitfire. Taganizani: munthu amene anauluka ku mbali imodzi ya nkhondo anatha ukalamba wace alikujambula ndege za mbali zonse ziwiri pa tebulo limodzi.

Koma cimene ndifuna muone mwa Jurca ndi ici: zifanizo zace zinanka zikula. Anayamba ndi magawo 2 a 3, anakwera kufika 3 a 4, ndipo potsiriza anajambula Spitfire ya matabwa yolingana ndi yeniyeni, yosacepetsedwa konse. Ndipo muzindikire kuti iye anali kugulitsa mapepala, osati ndege. Wogula alandira mtolo wa mapulani, nakafuna yekha matabwa, guluu, mapaipi ndi injini, nagwira madzulo ataweruka ku nchito ndi masiku opumula, zaka 5, zaka 10, ena kupitirira. Thabwa liri lonse aliyang'ane kuti liribe mfundo ndi kuti mitsempha yace yaongoka; guluu amate nyumba iri yofunda, pakuti m'cisanu sagwira bwino; kacitsulo kali konse akayese pa sikelo, cifukwa paundi imodzi yoonjezeka kumcira idzamveka m'mwamba. Akuru anati kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa. Koma si aphwiti onse anafika pa ukwati. Mapulani ambiri ogulidwa sanasanduke ndege, ndipo alipo mapiko ambiri olendewera ku madenga a magaraji, eni ace atatopa, kapena atakalamba, kapena mai wa kunyumba atanenapo mau.

Anthu a ku America anayesa kufupikitsa ulendowu. Mu 1973 ku Santa Paula, m'California, kunayambika kampani yochedwa War Aircraft Replicas, ndipo nzeru yao inali yocenjera. M'kati mukhala bokosi limodzi la matabwa, lolimba, lonyamula munthu ndi injini ndi mapiko. Kunja kwace amata thobvu louma lija lopepuka, nalisema ndi mpeni ndi sandipepala kufikira litenge maonekedwe a ndege imene aifuna, nalikuta ndi nsalu ya ulusi wa galasi yonyika m'ulimbo wouma gwa. Bokosi limodzimodzi, zobvala zosiyana: lero Focke-Wulf, mawa Corsair, mkuja Thunderbolt, kapena Sea Fury, kapena Zero ya Ajapani. Muone kuti zonsezi ndi ndege za mphuno yaikuru yobulungira, ndipo m'mphuno yotere injini yotambalala ija imene inatupitsa masaya a Isaacs ibisika bwino. Focke-Wulf yao yoyamba inauluka pa 21 August, 1974, ndi injini ya galimoto ya Volkswagen.

Analengeza kuti ndi ya theka. Koma tiyeni tiyese ndi rula. Mapiko a Focke-Wulf 190 yeniyeni ndi mafiti 34 ndi theka. Theka lace likadakhala mafiti 17 ndi pang'ono. Koma a kandegeko ndi mafiti 20. Mafiti oonjezawo, pafupi 3, ndiwo msonkho umene analipira cifukwa ca munthu wosacepa uja. Ndipo ngakhale anatero, munthu wamtali kapena wa mapewa akuru alowamo mobvutika, monga phazi la bambo m'nsapato ya mwana.

Okhoma ndege za nkhondo yoyamba ija ya 1914 sanabvutike cotero, ndipo ndingowachula popita. Ndege za nthawi imeneyo zinali kale zopepuka, za mitengo ndi nsalu ndi mawaya, zoyenda pang'onopang'ono. Graham Lee wa ku Canada, amene analinganiza cifanizo ca Nieuport 11 m'zaka za m'ma 1980 ndi mapaipi a aluminiyamu, anangocotsako gawo limodzi la magawo 8, ndipo cinakwana.

Bvuto losatha ndilo la injini, ndipo si la mphamvu yokha ai, komanso la mau. Kandege kangafanane ndi Mustang mpaka utoto, koma kakalira ngati thirakitala ulemu wonse watha, pakuti cimene anthu akumbukira pa ndege zija ndi kubangula kwa Merlin. Amisiri anatembenukira ku injini za magalimoto, za masilinda 6 kapena 8, zimene ziri zoonda ndi zolira bwino. Koma injini ya galimoto izungulira msanga kopambana liwiro limene pulopela alifuna, ndipo pakati pao pafunika magiya kapena lamba wocepetsa liwirolo. Pamenepo, ndi pa kuziziritsa madzi, ndipo pabadwira zobvuta zambiri. Ku Idaho anapanga Thunder Mustang, ya magawo 3 a 4, imene inauluka mu 1996 ndi injini ya masilinda 12 ya akavalo 640, nithamanga pa mipikisano ya ku Reno mailosi oposa 300 pa ora. Koma imeneyo sinalinso ndege ya mphunzitsi.

Ku Brisbane, m'dziko la Australia, Mike O'Sullivan anayamba m'zaka za m'ma 1990 kugulitsa Spitfire ya aluminiyamu, osati mapulani okha, koma ziwalo zodula kale zofika m'mabokosi, kuti mwini alumikize ndi maliveti. Yoyamba inali magawo 75 a 100, ya munthu mmodzi. Yaciwiri inali 80, yokhala ndi kampando kena kumbuyo. Yacitatu inali 90. Pambuyo pace nchitoyo inasamukira ku Cisco, m'Texas. Mwaona kodi? Mwana alikukula kubwerera ku msinkhu wa mai wace, cifukwa wogula afuna kukhala momasuka, afuna kunyamula mkazi wace kapena bwenzi, afuna injini yaikuru. Ndipo Mngerezi wina, Clive du Cros, anali atafika kale kumapeto kwa njira imeneyi: anakhoma ndi matabwa cifanizo ca Spitfire yoyamba ija ya 1936, ca msinkhu wonse, naikamo injini ya galimoto ya Jaguar ya masilinda 12, ndipo cinauluka mu 1991.

Pakati pa amisiri a mapulani ndi a mabokosi pali kakunyozana. A mapulani ayesa anzao omanga mabauti cabe. Inu a ku migodi mudziwa kusiyana kwa fitala wopala citsulo kufikira cikwane ndi wongolandira cokwana kale ku sitolo. Ulemu wanga uli kwa woyambayo. Koma atandiuza kuti ndikwere imodzi mwa ziwirizo, sindibisa, ndikadayamba ndafunsa kuti za mtundu umenewo zauluka kale zingati.

Tsono ndinene za ngozi, pakuti ndikazibisa ndidzakhala wonama. Ndege za nkhondo anazipangira anyamata osankhika, ophunzitsidwa miyezi yambiri, ouluka masiku onse. Zifanizo zace zikwera anthu ouluka pa Loweruka pokha, ambiri a iwo a imvi, ndipo zatengera makhalidwe ena a amai ao. Gudumu laling'ono liri kumcira, kotero kuti pansi mphuno iloza kumwamba nichinga maso. Miyendo ya Spitfire iri yoyandikana, yosacedwa kupeperuka potera. Ndipo ndege iri yonse ikacepetsa liwiro kopitirira, mapiko aleka kugwira mphepo, nigwa ngati mwala kufikira itapezanso liwiro. Ndege zophunzirira zicenjeza poyamba ndi kunjenjemera, koma zina mwa izi sizicenjeza. Pa 17 March, 2013, pa cionetsero ca ndege ku Parafield, pafupi ndi Adelaide m'Australia, cifanizo ca Spitfire cinagwa cirikukhota kuti cikatere, ndipo mwini wace anafa. Ofufuza a boma anapeza kuti liwiro linatsika iye osazindikira, mapiko naleka kugwira mphepo ndege iri pafupi ndi nthaka, ndi kuti munalibe cipangizo comcenjeza. Ndico cifukwa cace ku America ndege yopangira pakhomo iyamba yayesedwa m'dera lopatulidwa, kawirikawiri maora 25 kapena 40, isanaloledwe kunyamula alendo, ndipo pafupi ndi khomo lace palembedwa ndi malemba akuru liu lakuti EXPERIMENTAL, kuti wokwera adziwe cimene alikukwera.

Pali funso lina limene limandibvuta ine ndekha. Kodi nkwabwino kuthera zaka 10 pa cifanizo ca cida cophera anthu? Mfuti za pa ndegezi ndi mapaipi opanda kanthu, kapena timitengo topaka utoto wakuda. Eni ace ambiri amati alikukumbukira atate ao, kapena anyamata amene anakwera osabweranso, ndipo ndikhulupirira kuti ambiri anena zoona. Ena angokonda maonekedwe, ndipo pamenepo sindipeza mlandu. Koma ndikaona Focke-Wulf yaing'ono yopakidwa cizindikiro ca Hitler kumcira, mtima wanga subvomera. Ku Germany komweko lamulo liletsa kuonetsa cizindikiroco poyera, ndipo zifanizo zouluka kumeneko ziyenda copanda ico. Mwa mabodza onse a amisiri ndachula usiku uno, limeneli ndilo ndilibvomereza ndi mtima wonse.

Nthawi yanga yatsala pang'ono, koma sindingaleke osachula Jack Bally wa ku Dixon, m'Illinois, amene anacepetsa kopambana onsewa, kufikira gawo limodzi la magawo 3. Ndi Spitfire sizikadatheka; mapiko akadakhala mafiti 12, ndipo munthu sakadalowamo. Iye anatenga ndege yaikuru yoponya mabomba, B-17, ya injini 4, imene mapiko ace ndi mafiti 103 ndi mainchesi 9, yonyamula asilikari 10. Anapeza mapulani a kandege koseweretsa ka wailesi nawakuza. Anayamba mu 1999, ndipo ndegeyo inauluka mu November 2016, atagwira zaka 17. Mapiko ace ndi mafiti 34 ndi mainchesi 7, ocepa pang'ono kwa a Spitfire yeniyeni, ndipo injini zace zinai, zazing'ono, zonse zizungulira. Mu 2018 inaonetsedwa ku Oshkosh, pa msonkhano waukuru wa okhoma ndege. Pamalo pamene m'ndege yeniyeni pakhala oyendetsa awiri, phewa ndi phewa, ndi wacitatu kumbuyo kwao pa mfuti za pamwamba, m'ndege ya Bally mukhala munthu mmodzi yekha, ndipo mutu wace udzaza mazenera onse.